KACIROMBO KA HIV SIKAFULUMIRA: COOPSA NDI KUCEDWA KUPITA KU CIPATALA

Mwezi wa Juni ukafika, midzi ya m'boma la Chadiza imasintha maonekedwe. Cimanga calowa m'nkhokwe, nshawa zafukulidwa, ndipo ogula soya ndi mpendadzuwa apacika masikelo ao m'mbali mwa miseu. Mlimi amene anatha dzinja lonse wopanda ngwee m'thumba tsopano agwira ndalama. Misika ya kabwandire imadzaza, mowa umafulidwa, ndipo pa mseu wocokera ku Katete kupita ku cipata ca Chanida, malole akuluakulu a katundu wa ku doko la Beira amagona pamzere kudikira mapepala.

Iyi ndi nyengo yacimwemwe, ndipo palibe angaletse mlimi kudyerera thukuta lace. Komatu ndi nyengo yomweyi pamene amuna ena amagona kunja kwa nyumba zao, ndipo atsikana ena amanyengedwa ndi citenje, mafuta odzola kapena foni. Munthu akagonana wopanda kondomu ndi wina amene sadziwa za magazi ace, m'mawa mwace amadzuka wamphamvu monga dzulo, nanyamula khasu lace kupita ku dimba. Apa ndi pamene pagona ngozi. Kacirombo ka HIV kakalowa m'thupi sikafulumira kudzionetsa. Kamakhala cete zaka zambiri, ndipo cimene munthu acita kapena kuleka kucita m'zaka zimenezo ndico cimagamula ngati adzaona adzukulu ace kapena iai.

KUMENE TACOKERA

Wodwala Edzi woyamba kudziwika m'Zambia anapezeka m'caka ca 1984. M'midzi mwathu muno anthu anaona acinyamata akuonda, akutsegula m'mimba ndi kutsokomola kosalekeza, ndipo anachula matendawo ndi maina amene anali kuwadziwa kale. Ena anati ndi kaliwondewonde, ena anati kanyera, ena mdulo, pamene ena analoza cala nkhalamba za m'mudzi kuti ndizo zalodza. Mbuzi ndi ng'ombe zinatha m'makola polipira asing'anga, koma manda anapitirira kukula.

M'mwezi wa Okutobala 1987, Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. Kenneth Kaunda, anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wao Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi Edzi. Masiku amenewo mabanja anali kubisa dzina la matendawa ngakhale pa maliro. Mu 1990 a Winstone Zulu anakhala m'Zambia woyamba kunena poyera kuti ali ndi kacirombo, ndipo anakhalabe ndi moyo kufikira 2011, akuphunzitsa anthu za HIV ndi cifuwa cacikulu.

Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2002, poyamba ku University Teaching Hospital mu Lusaka ndi ku cipatala cacikulu ca ku Ndola. Mu 2005 boma linacotsa malipiro, ndipo pofika 2017 lamulo linali lakuti aliyense wopezeka ndi kacirombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, osadikira kuti adwale.

Kafukufuku wa dziko lonse wochedwa ZAMPHIA, wa m'caka ca 2021, anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, anthu 11 anali ndi kacirombo. Pakati pa akazi anali pafupifupi 14 pa 100, pakati pa amuna 8 pa 100. Anapezanso kuti akuluakulu pafupifupi 28,000 anali kutenga kacirombo caka ciri conse, ndi kuti mwa anthu 100 okhala nako, pafupifupi 11 sanali kudziwa. Motero nkhaniyi siinathe, ngakhale maliro acepa.

ZIMENE ZIMABWERA NDI KUGONANA KOSADZITETEZA

Kacirombo ka HIV kamakhala m'magazi, mu umuna, mu ukazi ndi mu mkaka wa m'mawere. Sikayenda ndi udzudzu, kupatsana moni wa m'manja, kudyera m'mbale imodzi kapena kugwiritsa nchito cimbudzi cimodzi. M'dziko lathu akuluakulu ambiri amakatenga pogonana. Mkazi ali pangozi yoposa ya mwamuna, makamaka mtsikana wamng'ono amene thupi lace silinakhwime, pakuti khungu la m'kati limang'ambika msanga.

Pa njira yomweyo pamadzera matenda enanso. Cinzonono cimapatsa mwamuna ululu pokodza ndi mafinya, koma mwa akazi ambiri cimakhala osaonetsa cizindikiro ciri conse. Cikakhalitsa cimatseka njira za mazira, kotero kuti mkazi amaleka kubereka, kapena mimba imakhala kunja kwa ciberekero, cinthu cimene cingamuphe. Kawirikawiri mlandu wa kusabereka umagwera mkazi, pamene matendawo anabwera ndi mwamuna.

Cindoko, cimene ena amati kaswende, cimayamba ndi kacironda kosapweteka kumalo obisika. Kacirondako kamapola kokha, munthu naganiza kuti wacira, koma matenda amatsala m'magazi. Patapita zaka angathe kuononga mtima ndi ubongo, ndipo kwa mai wapakati amacititsa kupita padera kapena kubala mwana wakufa. Palinso matenda a ciwindi ochedwa hepatitis B, ndi kacirombo ka HPV kamene kamayambitsa khansa ya khomo la ciberekero.

Cironda ciri conse ca kumalo obisika ndi khomo lotseguka loti HIV ilowerepo. Cinzonono ndi cindoko zimacira ndi mankhwala a ku cipatala, koma mwamuna ndi mkazi ayenera kulandira cithandizo onse awiri. Wina akacira yekha, mnzace amamubwezera matendawo. Makapisozi ogula pa msika, awiri lero awiri mawa, amangogonetsa matenda popanda kuwacotsa.

ZAKA ZA CETE

Pakapita masabata awiri kufikira anai cilowereni kacirombo, ena amamva kutentha thupi, zironda za pakhosi, zotupa pakhungu ndi anabere. Ambiri amati ndi malungo kapena cimfine, ndipo zimatha zokha. Koma nthawi imeneyi kacirombo kamakhala kambiri m'magazi, ndipo munthu amapatsira mnzace mosabvuta. Cipimo ca ku cipatala cingalephere kukaona m'masabata oyamba. Ndico cifukwa cace anamwino amauza munthu kuti akabwerenso pakapita miyezi itatu.

Pambuyo pace pamadza zaka za cete. Mlimi aliyense adziwa kuti nkhokwe ingaoneke yodzaza kunja pamene anankafumbwe alimo kale. Amene sapimamo dzanja amadzazindikira mu Januwale, pamene cimanga casanduka fumbi. Thupi la munthu liri ndi asilikali olimbana ndi matenda, amene a cipatala amati CD4. Mwa munthu wabwino, kadontho ka magazi kosaposa mutu wa phini kamakhala ndi asilikali 500 kufikira 1,500. Kacirombo kamalowa mwa asilikali amenewa, kamaswana momwemo ndi kuwapha pang'onopang'ono. Popanda mankhwala, ambiri amatha zaka 8 kapena 10 asanagwe mphasa. Asilikali akacepera 200, thupi limakhala ngati mudzi wopanda mpanda, ndipo apa ndi pamene timati munthu wadwala Edzi.

M'zaka zonsezo munthu amalima, amakwatira, amabereka ana. Palibe angamudziwe ndi maso. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Kunenepa ndi kusalala kwa khungu si umboni wakuti munthu alibe kacirombo. Umboni ndi cipimo ca magazi cokha.

MATENDA AMENE AMADZA CITETEZO CIKAGWA

Woyamba ndi cifuwa cacikulu ca TB, cimene cimapha anthu okhala ndi HIV kuposa matenda ena onse. Zizindikiro zace ndi kutsokomola kosatha, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kuonda. TB imacira munthu akamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, ndipo alipo mankhwala ena oiletsa isanayambe. Koma wocedwa amatsala ndi mapapo oonongeka moyo wace wonse, ndiponso amakhala atapatsira ana ogona nao m'nyumba imodzi.

Aciwiri ndi matenda oumitsa khosi amene amagwira ubongo. Amayamba ndi mutu wopweteka masiku ambiri, wosamva mankhwala a mutu, kenaka kusanza, kuuma khosi ndi kusokonezeka nzeru. Pa mudzi anthu amati munthu wapenga kapena walodzedwa, namutengera kwa sing'anga, pamene masiku akutha. Matendawa amapha m'masabata ocepa, ndipo ena opulumuka amatsala akhungu kapena ogontha. Munthu wa kacirombo akadandaula mutu wotere, tsiku lomwelo apite ku cipatala.

Palinso khansa ya pakhungu yochedwa Kaposi, imene imaoneka ngati mawanga akuda pa miyendo kapena m'kamwa, ndipo imatupitsa miyendo. Ena amatuluka mashingozi, matuza otentha ngati moto mbali imodzi ya thupi. Ena amatuluka zoyera m'kamwa ndi kukhosi zolepheretsa kumeza nsima, ena amatsegula m'mimba kupitirira mwezi.

Amai amvetsetse ici. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mkazi wokhala ndi HIV angadwale khansa ya khomo la ciberekero kasanu ndi kamodzi kuposa mkazi wopanda kacirombo. Khansa imeneyi imayamba mwakacetecete, koma ingaoneke msanga. Kuyambira 2006 dziko la Zambia liri ndi nchito yopima amai, ndipo njira ina ndi yopaka viniga pa khomo la ciberekero, mai nauzidwa zotsatira tsiku lomwelo. Pamene payamba kuonongeka pamaciritsidwa mosabvuta. Wocedwa kufikira ataona magazi osayembekezeka kapena zotuluka zonunkha amafunika ulendo wa ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, mtunda woposa makilomita 500, ndipo banja limagulitsa ziweto ndi mbeu. Mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse. Makolo, musakanize ana anu katemera ameneyu.

AMENE ALI PA MANKHWALA

Lero ambiri amamwa mbulu umodzi pa tsiku, wophatikiza mankhwala atatu, wochedwa TLD. Mankhwalawa sacotsa kacirombo, koma amakaletsa kuswana. Pakapita miyezi ingapo kamacepa kufikira cipimo sicikaonanso, asilikali a m'thupi amayambanso kuculuka, ndipo munthu angathe kukalamba monga wina aliyense. Cinanso cokondweretsa ncakuti munthu amene kacirombo kace kagonjetsedwa cotere sapatsira mkazi kapena mwamuna wace pogonana. Kafukufuku wa 2021 uja anapeza kuti mwa anthu 100 amene anali pa mankhwala, 96 anali atafika pamenepa.

Ngakhale ziri tero, thupi limene lakhala ndi kacirombo zaka zambiri lifuna kuyang'aniridwa. Madokotala apeza kuti anthu otere amadwala matenda a mtima ndi sitiroko pafupifupi kawiri kuposa anzao. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kufooka kwa impso zimadza mosadziwika. Ena amamva dzanzi kapena kutentha ku mapazi, ena amaiwalaiwala, ena amagwidwa ndi cisoni cosatha. Amene anayamba mankhwala mocedwa ndiwo amakumana kwambiri ndi zotere, pakuti zina zimene kacirombo kanaononga kale sizibwerera. Tsono pokatenga mankhwala pemphani kuti akupimeni BP, ndipo funsani za cipimo ca kuculuka kwa kacirombo, cimene ciyenera kucitika caka ciri conse. Cepetsani mcere, lekani fodya, ndipo kacasu mutalikirane naye.

Ngozi yaikulu ndi kuleka mankhwala. Wina amaleka cifukwa wanenepa ndipo aganiza kuti wacira. Wina wapita ku ganyu kapena ku malonda kutsidya kwa malire ku Mozambique, mankhwala namuthera komweko. Wina mitsinje yadzaza m'dzinja, wina amabisa botolo m'denga kuopa kuti mkazi wace angalione, wina wauzidwa pa mapemphero kuti ataye mankhwala. Munthu akaleka, kacirombo kamabweranso m'masabata ocepa cabe. Akamamwa modumphitsa, kamazolowera mankhwalawo kotero kuti sagwiranso nchito. Ambiri amene amagonekedwa m'zipatala ali kayakaya masiku ano ndi anthu amene anayamba mankhwala nkuwaleka.

Mabvuto awa ali ndi njira zace. Munthu amene akumwa bwino angapatsidwe mankhwala a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi, motero wofuna kuyenda ulendo anene kwa anamwino asananyamuke. Anansi athu a m'cigawo ca Tete ku Mozambique, mothandizidwa ndi bungwe la madokotala la MSF, anayamba mu 2008 timagulu ta anthu osaposa asanu ndi mmodzi a m'mudzi umodzi, amene amasinthana kukatengera anzao mankhwala. Nzeru imeneyi inafika ndi kuno ku Zambia. Ndipo amene analeka mankhwala asaope kubwerera. Kudzudzulidwa ndi namwino mphindi zisanu kuli bwino kuposa kubwera pa ngolo. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana: pempherani, ndipo imwani.

MAI WAPAKATI NDI MWANA

Mai wokhala ndi kacirombo angapatsire mwana ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Popanda cithandizo, ana 15 kufikira 45 mwa 100 obadwa kwa amai otere amatenga kacirombo. Mai akamwa mankhwala mokhulupirika, nabereka ku cipatala, mwana nalandira mankhwala ace, ciwerengero cimatsika kufika pansi pa ana 5. Khanda limene latenga kacirombo siliri ndi zaka za cete monga wamkulu. Popanda mankhwala, pafupifupi theka la ana otere amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri.

Cifukwa ca ici mai ayambe sikelo mimba ikali yaing'ono, ndipo bambo apite naye. Mwamuna amene ayenda kunja mkazi wace ali ndi pakati kapena akuyamwitsa amaika pangozi miyoyo iwiri, pakuti mai akatenga kacirombo m'nyengo imeneyi kamafika kwa mwana mosabvuta.

ZOYENERA KUCITA

Coyamba ndi kupimitsa magazi. Ku cipatala ca boma ca Chadiza ndi ku zipatala zazing'ono za m'midzi cipimo ndi caulere, ndipo zotsatira zimatuluka musanacoke pa benchi. Mwamuna ndi mkazi apite pamodzi. Zimacitika kuti mmodzi ali nako, wina alibe, ndipo ici si cifukwa cothetsera cikwati. Wokhala nako ayambe mankhwala, wopanda atetezedwe.

Caciwiri ndi kondomu. Ikagwiritsidwa nchito bwino, kuyambira paciyambi mpaka pamapeto, imateteza ku HIV, cinzonono, ndi mimba yosakonzekera. Iri yonse igwire nchito kamodzi kokha, ndipo isapakidwe mafuta odzola kapena ophikira, pakuti amaing'amba. Mapiritsi ndi jekeseni za kulera zimaletsa mimba cabe, siziletsa matenda.

Cacitatu ndi mdulidwe wa amuna wa ku cipatala. Kafukufuku wocitika ku South Africa, Kenya ndi Uganda pakati pa 2005 ndi 2007 anaonetsa kuti mdulidwe umacepetsa ngozi ya mwamuna kutenga kacirombo kwa mkazi ndi magawo pafupifupi 60 pa 100. Magawo 40 atsala, tsono wodulidwa asadziyese cilimba. Adikirenso masabata asanu ndi limodzi kuti cironda cipole.

Cacinai ndi mankhwala oteteza amene alibe kacirombo. Ngati kondomu yang'ambika, kapena mkazi kapena mwana wagwiriridwa, alipo mankhwala ochedwa PEP amene ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndi kumwedwa masiku 28. Makolo, mwana akagwiriridwa musataye masiku pokambirana za mbuzi ya cindapusa. Thamangani naye ku cipatala ndi ku polisi. Kwa amene ali pangozi nthawi zonse, monga mkazi amene mwamuna wace amayendayenda, alipo mapiritsi a PrEP omwa tsiku ndi tsiku, ndipo mu 2024 Zambia inayamba kuperekanso jekeseni wa PrEP wobaya pa miyezi iwiri iri yonse. Funsani anamwino zimene ziripo pa cipatala canu.

MAU KWA AKULUAKULU A M'MUDZI

Ife Acewa tiri ndi anthu amene mau ao amamveka: mafumu, anyakwawa, atsibweni, ankhoswe ndi anamkungwi. Nkhoswe imene imafunsa za mtundu wa mnyamata ndi khalidwe lace ingathenso kufunsa ngati awiriwo apimitsa magazi asanalowane. Namkungwi amene amalanga namwali za ulemu ndi kusunga nyumba amuuzenso kuti ali ndi ufulu wokana mwamuna wamkulu wobwera ndi ndalama za soya. Miyambo yofuna kuti munthu agone ndi wina, monga kulowa kufa, fisi, kapena cokolo cocitika popanda cipimo, inakhazikitsidwa kacirombo aka kasanabwere. Wamasiye angasamalidwe, ana ace angaleredwe, popanda kuika moyo wa munthu paciswe.

Ndipo tileke kuseka amene amamwa mankhwala. Munthu akamalozedwa cala pa citsime kapena pa bwalo la mowa, anzace khumi amaopa kukapimitsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Amene amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku ndiye akuteteza banja lace ndi mudzi wonse. Woopsa ndi amene sadziwa, ndipo safuna kudziwa.

Zokolola za caka cino zikagulitsidwa, mlimi wanzeru amapatula ndalama za feteleza ndi za sukulu asanapite ku msika. Pa zimene mwakonza kucita m'cilimwe cino, onjezani ulendo umodzi wa ku cipatala, inu ndi akunyumba kwanu. Ngati mulibe kacirombo, mudzauzidwa m'mene mungakhalire opanda. Ngati muli nako, mudzayamba mankhwala asilikali a m'thupi akali ambiri, ndipo mvula ikagwa mu Novembala mudzalowa m'munda ndi mphamvu zanu.